Madola Makumi Awiri

Ndine ndinkamusongolera nthenga zolembera,
zaka makumi anayi,
m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya zishalo
momwe inki inkaundana usiku wachisanu
mpaka tiisendeze pafupi ndi mbaula.

Jotham Pruett. Tamuika dzulo.
Nyuzipepala ya m'tauni yamupatsa mizere isanu ndi inayi:
anabadwa, anaphunzira, loya, phungu ku Washington,
anagwa pachisankho, anabwerera ku uloya.
Munthu wathera pomwepo,
pansi pake alemba mitengo ya nkhumba.

Za matope sanalembe.
Matope a ku Indiana m'mwezi wa Malichi,
hatchi ikutitimira mpaka m'mawondo,
mabuku a malamulo tawakulunga m'chikopa,
tikulondola woweruza bwalo ndi bwalo,
kugona atatu bedi limodzi, nsikidzi zikuchita phwando.
Milandu ya malire, ya ng'ombe yodya tirigu wa eni,
ya mayi wamasiye ndi ngongole za malemu.
Ena ankalipira nkhuni. Wina anabwera ndi tsekwe
amene anatijompha tonse awiri.

Za Absalom sanalembenso.
Iyeyu anawoloka mtsinje wa Ohio usiku,
nakhala zaka zitatu akusula zitsulo pamphambano,
kufikira tsiku lomwe mkulu wina wa ku Kentucky anatulukira
ndi pepala lonena kuti munthuyu ndi katundu wake.
Pepalalo linkafuna loya.
Bwana anali mnyamata, lendi ya miyezi inayi ili pakhosi.
Analankhula bwino tsiku limenelo, ndinalipo.
Lamulo analitambasula ngati nsalu pamsika,
lopanda pong'ambika,
woweruza nagwedeza mutu.
Absalom sanatukwane munthu.
Anangopempha kuti wina athamangire kuchipala
akazimitse moto, ungatenthe nyumba za anthu.

Malipiro: ndalama ziwiri zagolide, madola makumi awiri.

Ku Washington anapita imvi zitayamba,
Philena, mkazi wake, atamusokera dzina m'kolala ya jekete.
Makalata ake ankangodandaula:
nyama yolimba ya kunyumba ya alendo,
aphungu olavulira fodya pakapeti,
maola awiri akuchonderera mlatho wa kwathu
anzake akuwodzera.
Mlathowo mpaka lero kulibe.
Koma linakwana tsiku lovota za akapolo othawa.
Achipani chake anamunong'oneza:
tulukani kaye, mukamwe madzi, mubwere zitatha.
Sanadzuke.
Ataitana dzina lake anati ayi,
liwu limodzi, losakweza n'komwe.
Kuno anamuphwanyira mawindo,
anawotcha chidole chaudzu chovala chipewa ngati chake,
ndipo pachisankho mavoti ake sanadzaze dengu.

Kumanda dzulo ena amamutcha ngwazi,
ena mwa iwo ndi aja anatola miyala.
Akanamva akanangotsokomola
n'kundifunsa ngati pangano la a Dunmore ndamaliza kukopera.

Chaka ndi chaka ankalembera kummwera
kufunsa za wosula zitsulo wa chipsera pachala chachikulu.
Makalatawo ndinkakapereka ku positi ndine.
Yankho linabwera limodzi lokha:
anagulitsidwa, kumene anapita sitikudziwa.

Lero ndikusesa ofesi.
Fumbi, nthenga zothyoka, magalasi ake a mwendo umodzi.
M'dilowa yapansi, kuseri kwa malisiti a makandulo,
kansalu komanga mfundo zitatu.
Ndalama ziwiri zija.
Sizinagule kanthu,
ngakhale chaka chija Philena anagona miyezi isanu
ife tikukongola ya mankhwala kwa wogulitsa zishalo.
Zikung'anima ngati zapangidwa m'mawa uno.

Mwana wake akufuna ndandanda wa katundu pofika Lachisanu.
Tebulo limodzi, mipando itatu, wina wothyoka msana,
mabuku mazana awiri, mbaula.
Ndaviika nthenga mu inki,
dontho lagwera papepala ndikadaganiza.
Ndalamazi ndizilembe mbali iti,
ya chuma chimene wasiya
kapena ya ngongole?